Za fumbi la asibesitosi ndi phuma la bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Johannesburg, pamodzi ndi alamu ndi ana. Zija munalemba, zoti bambo akubanika akayenda pang'ono ndipo makhololo awayeza kawiri osapeza TB, musazitenge ngati ukalamba chabe. Munthu amene anagwirapo ntchito ku mgodi wa asibesitosi ku Mashava ku Zimbabwe, ngakhale anachokako kalekale, ayenera kuyezedwa mwa mtundu wina.

Asibesitosi ndi mwala wa ulusiulusi umene ankapangira zomangira nyumba monga malata ndi mapaipi, ndipo akaphwanyika amatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso. Tikalowa m'mapapo sitisungunuka, timangokhala momwemo n'kumakanda. Choipa chake n'chakuti munthu samva kanthu nthawi yomweyo. Matenda amadzaonekera patapita zaka 10 mpaka 40, ena mpaka 50, munthu ataiwala kale za ntchitoyo.

Oyamba ndi asbestosis, pamene mapapo achita zipsera n'kuuma. Amayamba ndi wefuwefu pokwera chitunda kapena polima, kenako phuma limabwera ngakhale posamba kapena povala. Chifuwa chimakhala chouma, chosatha, chopanda makhololo ambiri. Muuze amayi ayang'anenso zala za bambo: kwa ena nsonga zake zimafufuma ndipo zikhadabo zimapindika ngati kumbuyo kwa supuni. Dokotala akamvetsera m'munsi mwa mapapo chakumsana amamva kuthetheka pamene munthu akukoka mpweya. Zipserazo sizichira, koma kudziwa msanga kumathandiza kuteteza mapapo otsalawo ku chibayo ndi utsi.

Oopsa kwambiri ndi mesothelioma, khansa ya kanembanemba kokuta mapapo. Iyi sichita kufuna fumbi lambiri. Imagwira ngakhale mkazi amene ankangokutumula ndi kuchapa ovololo ya mwamuna wake, kapena mwana amene ankasewera pa milu ya dothi la kumgodi, kotero amayinso muziwafunsa za chifuwa chawo. Zizindikiro zake ndi kupweteka kosalekeza mbali imodzi ya chifuwa, paphewa kapena kumsana, madzi kudzaza m'chifuwa, kuonda popanda chifukwa, kufooka ndi thukuta la usiku. Ikagwira kumimba, mimba imatupa. Apa mpamene anthu ambiri amasocherera, chifukwa zonsezi zimafanana ndi TB. Munthu amamwa mankhwala miyezi 6 osasintha, madzi amawapopa n'kubwereranso. Zikatero, pemphani kuti madziwo akayezedwe ku labu, ajambule CT scan (chithunzi choonetsa m'kati mwa thupi bwino kuposa X-ray), ndipo ngati n'kotheka adule kanyama pang'ono kokayeza.

Palinso khansa ya m'mapapo ndi ya pakholingo. Chifuwa chopitirira masabata atatu, magazi m'makhololo ngakhale kamodzi kokha, mawu kusasa osabwerera, chibayo chobwerezabwereza, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala. Ndipo fodya uja, inu ndi bambo nonse, asiyike. Fodya ndi asibesitosi zikakumana m'mapapo amodzi, chiopsezo cha khansa chimachuluka kuposa kungophatikiza ziwirizo.

X-ray ikaonetsa timabala tokhuthala pa kanembanemba kaja, totchedwa pleural plaques, musataye mtima. Si khansa, ndi umboni chabe woti fumbi linalowa, ndiye munthuyo azionedwa pafupipafupi.

Chofunika kuposa zonse ndi ichi: dokotala sangalote. Wopita ndi bambo kuchipatala anene poyambirira kuti anagwira ntchito mu asibesitosi, mgodi uti, kuyambira chaka chanji mpaka chanji, pansi kapena ku chigayo cha miyala kumene fumbi linkachuluka. Mulembe zimenezi papepala, mumate m'buku lawo la kuchipatala. Kupatula X-ray, apemphenso kuyezedwa mphamvu ya mapapo pouzira mpweya m'kamakina, spirometry.

Tsono inuyo ndi ntchito yanu yogwetsa ndi kukonza nyumba zakale. South Africa analetsa asibesitosi mu 2008, koma malata otuwa a simenti aja, masiling'i, magatala ndi mapaipi akale okhala ndi asibesitosi akadali mbwee. Akakhala athunthu savuta kwenikweni. Vuto limayamba mukawadula ndi galainda, kuwaboola, kuwapala kapena kuwatsuka ndi madzi amphamvu. Malamulo a kumeneko amafuna kuti ntchito yaikulu yochotsa asibesitosi igwiridwe ndi kontilakita wolembetsedwa, choncho bwana akakutumani wamba, funsani. Mukakhala pafupi nayo, malata anyowetsedwe kaye, amasulidwe athunthu osaswa, zinyenyeswa zitoledwe zonyowa osasesa ndi tsache. Valani masiki yosefa fumbi losalala kwambiri yotchedwa FFP3, yogwira bwino kumaso, ndevu zometa, pakuti kansalu kapena masiki ya kuchipatala ija sizitchinga timaulusito. Ovololo ikhale yovala kamodzi n'kutaya, isafike kunyumba.

Anzanu amene makolo awo anagwira m'migodi ya asibesitosi ya ku South Africa komweko, monga Penge, Kuruman kapena Prieska, muwauze za ofesi ya boma ya MBOD (Medical Bureau for Occupational Diseases) ku Braamfontein, imene imaona za chipukuta misozi cha matenda a m'mapapo a anthu a m'migodi, ndi Asbestos Relief Trust, thumba la ndalama zolipira ena mwa odwala matenda a asibesitosi, limene linakhazikitsidwa mu 2003. Asunge khadi la ntchito ndi mapepala onse, chifukwa amayamba kufunsa zimenezo.

Zotsatira za bambo zikatuluka mundidziwitse. Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu.