Foni yoyamba ya mwana ndi ya makolo ake, tiyambe kumuteteza pomwepo

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi makolo za foni imene timapatsira mwana kuti aleke kulira kapena aonere makatuni ife tikuphika. Ana ambiri a kumkombaphala ndi a m'makalasi oyambirira alibe foni yawoyawo. Amagwira ya amayi kapena abambo, momwe muli Airtel Money kapena Mpamba, komanso magulu a WhatsApp a kumudzi, a kutchalitchi ndi a kuntchito.

Vuto limayambira m'magulumo. Foni ikasiyidwa mmene inabwerera, zithunzi zotumizidwa m'gulu zimalowa zokha n'kukakhala mu Gallery. Mwana akufunafuna chithunzi chake, amakumana ndi za ngozi ya pamsewu, za mtembo, ngakhale zolaula. Kukonza kwake sikutenga mphindi zisanu. Mu WhatsApp pitani ku Settings, kenako Storage and data, n'kuchotsa zonse zochongedwa pa Media auto-download. Bwererani ku Chats mukazimitse Media visibility. Izi zimangoletsa zatsopano, choncho zakale muzifufute nokha. Bandulo nayonso ichedwa kutha.

Mafoni ambiri a Android ali ndi App pinning kapena Screen pinning, yomwe imatsekera mwana mu pulogalamu imodzi. Ikani kuti potuluka izifunsa nambala yachinsinsi, apo ayi mwana wochenjera azitulukamo yekha. Wamng'ono aonere pa YouTube Kids ngati ikupezeka pa foni yanu, osati YouTube ya akuluakulu imene imangopitiriza kanema pambuyo pa kanema.

Za nthawi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Facebook ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13. Kholo likamutsegulira akaunti ponamiza chaka chobadwa, makinawo amamutenga ngati wamkulu, ndipo zimene zikanamutchinga kwa alendo zimachoka.

Akuba pa foni amadziwa kuti nthawi zina amene wayankha ndi mwana. Amanena kuti atumiza ndalama molakwika, kapena amamupempha awerenge manambala 6 amene angofika pa meseji. Manambalawo ndi a WhatsApp, ndipo akangowamva amalanda akaunti n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina lanu. Mwana aloweze yankho limodzi: "Amayi atanganidwa, imbaninso," n'kudula. Asanene kuti amayi kulibe, chifukwa kutero n'kuuza mlendo kuti ali yekha pakhomo. PIN yanu ya Airtel Money kapena Mpamba isakhale chaka chobadwa, ndipo musamutume kwa ejenti mutamuuza PIN imeneyo.

Mwana aphunzirenso kuti pa foni pali ulemu ngati pakhomo. Asajambule mnzake osapempha, ndipo kanema wa mnzake wagwa kapena akulira asautumize kwa wina aliyense. Apa makolo timalakwitsa kwambiri. Timaika pa Status mwana ali mu yunifolomu, baji ya sukulu ikuwerengeka bwinobwino, pena ali kusamba. Amene waona wadziwa nkhope ya mwana ndi kumene amaphunzira. Mwana amene makolo ake amamufunsa asanamujambule savutika kumvetsa chifukwa chake naye ayenera kufunsa.

Chimene ndikuchitsindika koposa ndi mmene timayankhira mwana akatiuza zoipa. Akati waona chithunzi chonyansa, kapena munthu wina wamupempha chithunzi ali wosavala, ambiri timathamangira mkwapulo ndi kulanda foni. Mwanayo amaphunzira kubisa, ndipo ogwiririra ana amadalira mantha omwewo pomuopseza kuti akaulula amenyedwa. Muuzeni pasadakhale, mobwerezabwereza, kuti akakuuzani simumukalipira.

Zikachitika, musafufute mameseji. Sungani nambala, dzina la akaunti ndi tsiku, kenako mutsekereni munthuyo ndi Block. Chithunzi cha mwana wosavala musachitumize kwa aliyense, ngakhale pofuna kuchenjeza anzanu, chifukwa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kufalitsa zoterozo. Pitani ndi foniyo kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Wowerenga wanu,
Zomba