Kalata kwa mwana wanga, za mabere akuyabwa ndi kupweteka

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Dedza tonse tili bwino. Lamulungu lija pafoni unangotchula mothamanga kuti nsonga ya bere ikukuyabwa ndipo mabere akumakulemera, kenako unalumphira nkhani ya mtengo wa feteleza. Ndinakumva. Ndine ndinakubereka, mawu ako ukamachita manyazi ndimawadziwa. Usiku umenewo ndinangogona m'maso muli gwa, n'chifukwa chake ndatenga pepala.

Ndiyambe ndi zokukhazika mtima pansi. Amayi ambiri mabere amawapweteka pakatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti apite kumwezi. Zimachokera ku mahomoni awiri, timadzi ta m'thupi toyendetsa msambo, estrogen ndi progesterone, amene amatupitsa tizigawo ta m'bere topanga mkaka ndi tinjira take. Mabere onse awiri amalemera, ululu nthawi zina umafika kukhwapa, koma msambo ukangoyamba zimaphwa zokha. Uzilemba masiku pakalendala kwa miyezi iwiri kapena itatu, uone ngati ululuwo ukuyendera limodzi ndi msambo. Njira zolerera nazo zimachita zomwezo, kaya ndi mapiritsi, jakisoni wa Depo wa miyezi itatu uja kapena kachipangizo kapamkono, makamaka ukangoyamba kumene. Ndipo ngati wadumphitsa mwezi, nsonga zikuyabwa komanso pakuda paja pakuderatu, pita ukayezetse mimba. Ine mimba yako ndinaidziwira pomwepo, mseru usanayambe n'komwe.

Kuyabwa kwambiri kumachokera pakhungu. Ku Blantyre kwanuko kukatentha mu Okutobala, mkazi amatandala tsiku lonse mu bra yothina ya nayiloni, thukuta lili kamukamu. Kunsi kwa bere kukakhala konyowa choncho kumafiira, kumanyerenyetsa, mwinanso kumatuluka kafungo chifukwa cha tizilombo ta mafangasi. Sopo waufa wosatsukuluzidwa bwino ndi mafuta onunkhira nazonso zimayabwitsa. Chinanso ndinachiona ndi maso anga utabwera pa Khirisimasi: unasolola ndalama mu bra polipira tomato pamsika. Ndalama imeneyo yadutsa m'manja mwa wogulitsa usipa, wamakala ndi kondakitala wa minibasi, ndiye iwe n'kuikhazika pakhungu lanthete chotero kuyambira m'mawa. Gula kachikwama, mwana wanga. Vala bra ya thonje yokukwana, uitsukuluze kawiri n'kuiyanika padzuwa, ukasamba uzipukuta kunsi kwa bere mpaka kuume, ndipo pamene pauma n'kumayabwa upake Vaseline wamba.

Tsiku limene udzayamwitse, udzakumbukire kuti ming'alu ya pansonga imabwera mwana akamangoyamwa nsonga yokha. Azilowetsa m'kamwa ndi mbali yakuda ija. Bere likadzatupa, kufiira ndi kutentha, iwe n'kumanjenjemera ngati malungo, usadzamvere zoti mkaka wawonongeka n'kulisiya lidzadze. Mkaka uzituluka ndithu, ndipo udzapite kuchipatala tsiku lomwelo lisanachite mafinya.

Tsopano chimene chinandisowetsa tulo. Unati "nsonga ya bere", sunati "nsonga za mabere", ndipo mtima wanga unathamangira kwa amayi ako aakulu. Iwo zinawayamba ndi nsonga ya kumanzere yokha. Inkayabwa, ikusupuka timamba ngati chipere, nthawi zina ikuchucha timadzi tosiya banga pakamisolo. Ankachapa okha m'mamawa n'kuyanika kuseri kwa nkhokwe kuti tisaone. Anapaka mafuta osiyanasiyana, anakatemeretsa mphini mozungulira bere lonse, mpaka chaka chinatha. Ine ndinadziwa tsiku lina tikusamba kudambo, nditaona nsonga italowa m'kati, bala lili ng'aa. Ndinalira pomwepo. Pamene tinkafika nawo kuchipatala, m'khwapa munali kale zotupa. Adokotala anatiuza kuti ndi mtundu wa khansa ya m'mabere wotchedwa Paget, dzina la dokotala wa ku England, James Paget, amene anaufotokoza mu 1874. Umayambira pansonga n'kumaoneka ngati nthenda wamba yapakhungu, pamene nthawi zambiri m'kati mwa bere mumakhala muli kale vuto. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake mchemwali wanga, amene tinkagona mphasa imodzi, anandibisira.

Nthendayi si yofala, ndipo imagwira kwambiri amayi opitirira zaka 50, kotero usayambe kudziona ngati wodwala. Komabe khansa ya m'mabere inalowapo kale m'banja mwathu, ndiye iwe suyenera kumangodikira. Ukamaliza msambo, pakapita masiku ochepa, ima pagalasi utakweza manja, uyang'ane mabere onse. Kenako gona chagada upapase ndi zala zitatu zapakati, pang'onopang'ono, mpaka m'khwapa. Ukapeza chotupa cholimba, ngakhale chisakupweteke, kapena khungu litachita timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga italowa m'kati pamene kale sinali choncho, magazi akutuluka pansonga, kapena kuyabwa kwa mbali imodzi kosamva mankhwala kwa milungu iwiri kapena itatu, usagule kirimu wina. Pita kuchipatala akakuone. Ukawauzenso za amayi ako aakulu, chifukwa madokotala amafunsa mbiri ya kumtundu. Akaona kuti n'kofunika adzakutumiza kuchipatala chachikulu cha Queens kukakujambula kapena kutenga kanyama kuti akakapime.

Ngati ukuchita manyazi kuvula pamaso pa mwamuna, upemphe kuti namwino wamkazi akhalepo. Amuna ako uwauze, asamangoona ukudzikanda usiku osadziwa kanthu. Ukafuna wokuperekeza undiuze, ndikwera basi, mbuzi aziyang'anira ndi bambo ako.

Ndatumiza mbatata ya kachewere ndi nyemba kudzera kwa mlamu wako. Undiimbire Lachinayi madzulo, undiuze ngati ndi bere limodzi kapena onse awiri, komanso kuti zinayamba liti.

Ndine mayi ako.