Ndalama zisathere pa kamera yokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ikuwonongetsa ndalama achinyamata ambiri a kuno ku Zomba amene ayamba kukonda kujambula zithunzi. Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe ikafika, ngakhalenso tsiku limene ophunzira a pa University of Malawi akulandira madigiri awo ku Great Hall, anyamata ndi atsikana okoleka makamera m'khosi amakhala mbwee, ndipo zimenezi n'zosangalatsa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri a iwo amathira ndalama zonse pa kamera yeniyeniyo, kenaka n'kusowa yogulira lenzi yabwino, memori khadi yodalirika ndi posungira zithunzi, chonsecho zinthu zitatuzi ndi zimene zimachititsa kuti chithunzi chioneke bwino ndiponso chikhalitse.

Wogulitsa akafuna kukukopani amayamba ndi kutchula mamegapikiselo (mamiliyoni a timadontho timene timapanga chithunzi), ngati kuti kuchuluka kwake ndiko ubwino wa kamera. Chithunzi chosindikizidwa bwino lomwe pa pepala la A4 sichifuna mamegapikiselo oposa 9, ndipo chimene chikungopita pa Facebook chimafuna ochepera pamenepo. Canon EOS 600D, imene inatuluka mu 2011, ili ndi 18, pamene Nikon D3200 ya mu 2012 ili ndi 24. Makamera akale ngati amenewa amapezeka otsika mtengo kwa anthu amene anawagwiritsapo ntchito, ndipo akadali okwanira kwa munthu wongoyamba kumene. Ndalama imene mwapulumutsa pogula yakaleyo ndiyo ipite ku lenzi.

Lenzi imene imabwera limodzi ndi makamera ambiri a mtunduwu ndi ya 18-55mm, ndipo pamwamba pake pamalembedwa manambala 3.5 ndi 5.6. Manambalawa amanena za kukula kwa kabowo kamene kuwala kumalowera, ndipo chimene chimasokoneza ongoyamba n'chakuti nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti bowolo ndi lalikulu. Panja, dzuwa likuswa mtengo, lenzi imeneyi imagwira ntchito popanda chodandaulitsa. Vuto limayamba mukalowa m'tchalitchi kapena mu holo imene ili ndi mababu awiri okha, chifukwa mukaikokera pa 55mm bowo lake silingatseguke kupitirira f/5.6. Zikatero kamera imachedwetsa shata, kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka pojambula, kuti kuwala kulowe kokwanira, choncho mkwatibwi akangotembenuka pang'ono nkhope yake imatuluka yosaoneka bwino. Apo ayi imakweza ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala), chithunzi n'kudzaza timadontho. Lenzi ya 50mm f/1.8, imene ili m'gulu la malenzi otsika mtengo kwambiri kwa Canon ndi Nikon yemwe, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6, komanso imachititsa kuti munthu amene mukumujambulayo aoneke bwinobwino pamene mipando ndi anthu a kumbuyo kwake akuoneka mwa chizimezime. Ine ndimaona kuti mnyamata wa kamera ya mu 2011 yokhala ndi lenzi imeneyi amabwerako ku ukwati ndi zithunzi zoposa za mnzake wa kamera yatsopano amene akudalirabe 18-55mm.

Pali chimodzi chofunika kuchidziwa musanaigule. Makamera ang'onoang'onowa ali ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yocheperako, motero 50mm imaona malo ochepa ngati mmene 75mm kapena 80mm imaonera pa kamera ya sensa yaikulu. Pojambula munthu mmodzi kapena awiri zimenezi n'zabwino, koma pa chinkhoswe cha m'chipinda chochezera cha ku Chinamwali mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma ankhoswe a mbali imodzi asanakwane m'chithunzi. Amene amajambula kawirikawiri m'malo opanikizika aganizire za 35mm f/1.8 ngati ali ndi Nikon, kapena 24mm f/2.8 ngati ali ndi Canon, ndipo asataye 18-55mm ija, popeza pa 18mm ndi pamene gulu lonse limakwana.

Nkhani ina imene yaliritsa anthu ndi ya malenzi osagwirizana ndi kamera, makamaka kwa amene amatuma abale awo a ku Johannesburg kapena ku London kuti awagulire. Sikokwanira kunena kuti mukufuna lenzi ya Nikon. Makamera a Nikon a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe kamota koyendetsera lenzi m'kati mwake, kotero 50mm f/1.8D imalowa bwinobwino koma siifokasa yokha. Yoyenera ndi 50mm f/1.8G, ndipo kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chomalizacho basi. Kwa Canon, malenzi a EF, amene anayamba mu 1987, amalowa pa makamera onse a EOS okhala ndi kagalasi m'kati, koma a EF-S salowa pa makamera a sensa yaikulu monga 5D ndi 6D. Kuyambira mu 2018 makampani awiriwa anabweretsa makamera opanda kagalasi, a RF kwa Canon ndi a Z kwa Nikon, amene amalandira malenzi akale pokhapokha muikepo adaputala, pamene malenzi atsopanowo sangalowe m'pang'ono pomwe pa kamera yakale. Wotumayo alembe dzina lonse la kamera yake ndi la lenzi, chilembo ndi chilembo, chifukwa katundu akafika ku Zomba kubweza n'kovuta.

Pogula kamera yogwirapo ntchito, funsani kuti shata yake yajambula kangati, pakuti ya makamera otsika mtengo inapangidwa kuti ipirire zithunzi pafupifupi 100,000. Jambulani khoma loyera bowo litachepetsedwa kufika pa f/16 kuti fumbi la pa sensa lionekere. Lenzi ichotseni pa kamera, muunike m'kati mwake ndi tochi ya foni, ndipo mukaona timizere toyera tonga ulusi wa kangaude muibweze kwa mwini wake ngakhale atsitse mtengo chotani, chifukwa chimenecho ndi chuku.

Pa chukupa ndiye ndikufuna anzanga a kuno andimvetsetse, pakuti malangizo ambiri a pa YouTube amaperekedwa ndi anthu amene sakudziwa chinyezi cha m'tsinde mwa phiri la Zomba. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi mvula sitisowa, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mawawa. Chuku chimakonda malo amdima, achinyezi, opanda mpweya woyenda, ndipo chikwama cha kamera chotsekedwa n'kuikidwa mu wadiropu chili ndi zonsezi. Chikakhazikika m'kati mwa lenzi chimadya utoto wopyapyala umene amakutira galasi, ndipo ngakhale mmisiri atatsegula n'kupukuta, chipsera chimatsala. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo kamera ndi malenzi pamodzi ndi timapaketi ta silika, tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Timapaketi timeneti tikakhuta chinyezi timasiya kugwira ntchito, choncho tiziumitsidwa pa moto wochepa kapena kusinthidwa. Lenzi imene ikugwiritsidwa ntchito sabata ndi sabata sichita chuku msanga ngati imene yangosungidwa kudikira ukwati wa chaka chamawa. Komanso mukatsika kuchokera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, m'mawa wozizira, kamera isatulutsidwe m'chikwama nthawi yomweyo mukalowa m'nyumba yofunda, chifukwa galasi lozizira limachita thukuta kunja ndi m'kati momwe.

M'chilimwe mdani amasintha, amakhala fumbi. Amene amapita ku Kachulu kukajambula asodzi ndi mbalame za pa nyanja ya Chilwa asamasinthe lenzi pamphepo, ndipo ngati palibe kuchitira mwina kamera iyang'ane pansi. Galasi silipukutidwa ndi malaya kapena kuuziridwa ndi pakamwa. Kapampu ka labala ndi kansalu kofewa ndi zokwanira. Mbalamezo, ngakhalenso njovu za ku Liwonde, zimafuna lenzi yofika pa 300mm, ndipo 70-300mm yogwirapo ntchito ndiyo njira yotsika mtengo, bola shata ikhale pa 1/500 ya sekondi kapena yothamanga kuposa apo kuti kunjenjemera kwa manja kusaonekere. Koma palibe lenzi imene ingakuonetseni phiri la Mulanje muli pamwamba pa phiri la Zomba pa Emperor's View mu Okutobala, utsi wa moto wolusa utadzaza m'chigwa. Chithunzi chimenecho chimajambulidwa m'mawa, mvula itangotsuka mlengalenga.

Ndinenepo za khungu lathu, chifukwa apa ndi pamene kamera ndi kompyuta zimakumana. Kamera ikaona diresi yoyera ya mkwatibwi, kapena khoma lowala kumbuyo kwa munthu, imachepetsa kuwala yokha, nkhope n'kutuluka yakuda bii. Wojambula awonjezere kuwala ndi kabatani ka chizindikiro cha +/-, kapena amusunthire munthuyo pamthunzi, m'malo mokayeretsa nkhope pa kompyuta mpaka achibale osamuzindikira mwana wawo. Kujambula mu RAW kumathandiza kwambiri, chifukwa fayilo yotere imasunga zambiri za m'malo owala ndi amdima zimene JPEG imataya, koma chithunzi chimodzi chimadya pakati pa 20 ndi 30 MB, ndiye khadi ndi kompyuta ziyenera kukhala zokonzeka.

Kompyutayo isakuopseni. Laputopu yakale yokhala ndi RAM ya 8 GB, imene mwaichotsa hadi disiki yozungulira n'kuikamo SSD, imakonza zithunzi bwinobwino. Pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, zimene tonse tikudziwa mmene zikuvutira, pamene darktable, RawTherapee ndi GIMP ndi zaulere ndiponso zololedwa. N'zabwino kuposa mapulogalamu obedwa amene amabwera ndi mavairasi. Amene ali ndi kompyuta ya pa desiki agule kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, popeza zipangizo zambiri zimapsa nthawi imene magetsi akuyakanso atazima.

Pa memori khadi ndiye pali chinyengo chachikulu. Alipo makhadi olembedwa SanDisk 64 GB amene m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Kamera imaonetsa ngati ikusunga, koma mukafika kunyumba zithunzi za kumapeto kwa mwambo sizitseguka, ndipo ukwati sabwereza. Khadi yatsopano iyesedwe kaye pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imaidzaza yonse n'kuwerenganso kuti ione ngati malo olembedwawo alipodi. Makhadi awiri a 32 GB ndi abwino kuposa imodzi yaikulu, ndipo khadi ifomatidwe m'kamera momwemo zithunzi zikakhala kuti zakoperedwa kale.

Kukoperako kukhale pa malo awiri osiyana, monga pa laputopu ndi pa hadi disiki yapadera imene siyenda m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo, pakuti wakuba amanyamula chikwama chonse. WhatsApp si posungira zithunzi, chifukwa imazichepetsa pokhapokha mutazitumiza ngati dokyumenti, ndipo foni ikatayika zambiri zimapita nayo. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka mu 1975, ndipo National Archives ili konkuno. Zimandimvetsa chisoni kuganiza kuti zithunzi za pepala za nthawi ya agogo athu zikhoza kukhalitsa kuposa zathu, zimene tikuzijambula zambirimbiri koma n'kuzisiya pa khadi imodzi. Zimene mwazikonda kwambiri muzisindikize ndithu, mulembe kumbuyo tsiku, malo ndi maina a anthu ali pamenepo.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mutipatseko kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, kosindikizamo chithunzi cha wowerenga, ndipo pansi pake muzilemba kamera, lenzi, bowo, shata ndi ISO zimene anagwiritsa ntchito. Ife a ku Zomba tili okonzeka kutumiza zoyambirira.

Wojambula zithunzi,
Matawale, Zomba