Musathamangire Raspberry Pi 5, yambani mwaona ntchito

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi achinyamata a muno mu Lilongwe amene akuyamba kupanga tizipangizo tamagetsi ndi timakompyuta ta bolodi imodzi. Ambiri maso ali pa Raspberry Pi 5 ya mu 2023 poti ndi yatsopano. Kwa wongoyamba kumene, uko n'kutaya ndalama. Imafuna chaja ya 5V 5A, imatenthanso msanga moti m'nyengo ya Okutobala popanda fani imadzichepetsera yokha liwiro.

Dzifunseni kaye ngati ntchito imene mukufuna kuchita ikufunadi Linux, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa timakompyuta ngati Pi 5. Kuyeza chinyezi kudimba, kuona madzi m'thanki, kuyatsa ndi kuzimitsa pampu, zonsezi Raspberry Pi Pico, bolodi yaing'ono yosagwiritsa ntchito Linux, imakwanitsa. Inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4, ndipo mumailembera pulogalamu m'chilankhulo cha makompyuta cha MicroPython. Ubwino wake waukulu kwathu kuno ndi wakuti ilibe memori khadi. Magetsi akathima n'kuyakanso, imangoyambiranso ntchito. Mapini ake (polumikizira mawaya) a GP26, GP27 ndi GP28 amawerenga mwachindunji sensa ya chinyezi, pamene Pi yaikulu siingatero popanda kuwonjezera kachipangizo ka MCP3008. Pampuyo musailumikize kupini, idutsire pa relay (switchi yolamulidwa ndi bolodi) yokhala ndi magetsi akeake.

Ngati mukufuna kamera, sikirini kapena kuphunzira Linux, tengani Pi 4 yokhala ndi memori (RAM) ya 2GB. Ife tingakondenso Pi 3 Model B+ ya mu 2018, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa imalowa chingwe cha HDMI chomwecho cha TV ya kunyumba, pamene Pi 4 imafuna cha micro-HDMI. Pi Zero 2 W ndi yotchipa, koma ili ndi RAM ya 512MB yokha, ndipo yambiri imabwera mapini asanawotchereredwe. Amene sanagwirepo chowotcherera aidikire kaye.

Zimene zimapha mabolodi n'zodziwika. Chaja ya foni ya pamsika siikwanira. Pi 4 imafuna 5V 3A, ndipo mphamvu ikatsika pansi pa 4.63V imachenjeza, kenako imayamba kuuma kapena kuzima yokha. Anthu amati bolodi ndi yakufa pomwe vuto ndi chaja, kapena chingwe chopyapyala. Memori khadi nayo imawonongeka magetsi akathima Pi ili mkati molemba. Gulani khadi yeniyeni ya 32GB, musamale ndi zachinyengo zolembedwa kukula kumene zilibe, muikemo Raspberry Pi OS (Linux ya Pi) pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Raspberry Pi Imager, ndipo muzizimitsa Pi polemba lamulo la sudo shutdown now musanazule chingwe. Mukafuna kuika power bank pakati, iyeseni kaye, chifukwa zina zimadula moto kwa kanthawi magetsi akathima.

Koma chimene chimatiwawa kwambiri ndi cha mapini. Mapini a Pi ndi Pico amalandira 3.3V basi, osati 5V ngati a bolodi ina ya Arduino Uno. Sensa ya HC-SR04, imene ambiri amayezera madzi m'thanki, imabweza 5V pa pini ya Echo. Ikani resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) ya 1k ohm pakati pa Echo ndi pini ya Pi, ndi ina ya 2k kuchoka pa pini ya Piyo kupita ku GND (pini ya negetivu). Mukapanda kutero pini ingapse, ndipo siikonzeka. LED nayo isamalumikizidwe popanda resistor ya 330 ohm.

Amene chipangizo chake chizikhala kumunda kopanda intaneti adziwenso kuti Pi 4 imaiwala nthawi ikazima. Kawotchi ka DS3231, kokhala ndi batire yakeyake, kamakonza zimenezo.

Ife amisiri a zamagetsi,
Area 25, Lilongwe