Musanapereke wailesi yatsopano m'manja mwa mnzanu

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu okonda wailesi za amateur (zolankhulirana anthu wamba amene ali ndi laisensi), makamaka amene agula tiwailesi tonyamula m'chikwama, totumiza ndi kulandira mawu pa mphamvu yochepa, timene timatchedwa QRP. Kuonetsana chida chatsopano n'kwabwino, koma kawailesi kotere sikachedwa kupsa kakamadutsa m'manja ambiri.

QRP ndi mawati 5 kapena kucheperapo pa Morse (kutumiza uthenga ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali), ndipo ambiri amalola 10 pa mawu. Ena amaiderera mphamvu imeneyi, chonsecho kusiyana kwa mawati 5 ndi 100 ndi pafupifupi ma S awiri basi, kutanthauza masitepe awiri pa mita yosonyeza mphamvu ya siginolo kwa wolandira. Anthu akamalephera kukumvani, yambani mwakayikira eriyo. Ya dipole (mawaya awiri ofanana otambasulidwa uku ndi uku) ya pa 14 MHz imafuna waya wa mamita 10, asanu mbali iliyonse (gawani 143 ndi ma MHz kuti mupeze utali wonse). Dulani wotalikirapo, kenako muzichotsa masentimita awiriawiri mbali zonse mofanana mpaka SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo) itsike pansi pa 2. Ikakhala pafupi ndi nthaka, mphamvu yambiri imangokwera kumwamba ndipo akutali sakumvani, choncho ikwezeni m'mwamba mmene mungathere.

Tsono pa kugawana. Musanapereke wailesi kwa wina, lumikizani eriyo kapena dummy load (kachipangizo komeza mphamvu m'malo mwa eriyo) ya ma ohm 50. Munthu akagwira maikolofoni chala chimathamangira batani lotumizira, ndipo ngati kulibe eriyo mphamvu imabwerera n'kutentha matransista omalizira. Mawailesi ena amadziteteza okha, koma ambiri odzilumikizira pamanja alibe chitetezo chokwanira.

Magetsi ndiye msampha waukulu, chifukwa mapulagi amafanana maonekedwe. Batire la LiFePO4 lolembedwa 12.8V likadzaza limapitirira mavoti 13. Wailesi ya Icom IC-705 ilibe nazo vuto: imapereka mawati 5 pa batire lake ndi 10 pa mavoti 13.8 akunja. Koma wailesi ya QMX ya kampani ya QRP Labs imamangidwa ya mavoti 9 kapena 12, ndipo batire lomwelo likhoza kuiwononga. Choncho chingwe cha mnzanu musachikhulupirire ndi maso. Chiyezeni ndi mita, muone mavoti komanso mbali ya + ndi −, ndipo pakhale fyuzi ya ma amp 3 pafupi ndi batire.

Wofuna kuyesa FT8 (njira yotumizira timauthenga kudzera pa kompyuta) atsitse mphamvu ndi theka, poti njirayi imatumiza mosapumira kwa masekondi pafupifupi 13 ulendo uliwonse ndipo kabokosi kakang'ono sikataya kutentha msanga.

Amene alibe laisensi msiyeni amvetsere ndi kuzunguza batani losakira masiteshoni mmene angafunire, koma zotumiza zitsatire malamulo a dziko ndi call sign (dzina lodziwikira pa wailesi) ya mwini chilolezo. Ndipo ngati wailesi yanu imalola, monga IC-705 ndi khadi lake la microSD, sungani kaye mmene munaitcherera, chifukwa ikazungulira anthu imabwera itasinthidwa zambiri.

Ndife,
Okonda wailesi za QRP