Jammeh akaonekere kukhothi, asamangotumiza mauthenga

Akonzi,

Magazi anandiwira nditamva kuti Yahya Jammeh, mtsogoleri wakale wa dziko la Gambia, ali phee ku Equatorial Guinea, akutumizabe mauthenga a mawu kwa omutsatira ku Gambia, kuwauza kuti adzabwerera. Mphamvu yolankhula chonchi akuitenga kuti? Uyu ndi munthu amene anazunza anthu ake kwa zaka 22, mpaka anathawa mu 2017 atagonja pachisankho kwa Adama Barrow.

Banja la mtolankhani Deyda Hydara, yemwe anawomberedwa mu 2004, limamva bwanji likamva mawu amenewo? Nanga abale a anthu oposa 50, ambiri a ku Ghana, omwe anaphedwa mu 2005 ali paulendo wokasaka moyo ku Ulaya? Sindingaiwalenso odwala Edzi amene anawasiyitsa ma ARV n'kumawamwetsa zitsamba zake, ati iye ndi wochiritsa.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi: otumidwa akugwira ukaidi, wowatuma ali pa ufulu. Bai Lowe, dalaivala wa Junglers, gulu lakupha la Jammeh, khothi la ku Germany linamulamula kukhala m'ndende moyo wonse mu 2023. Ousman Sonko, yemwe anali nduna ya zam'dziko m'boma la Jammeh, anapatsidwa zaka 20 ku Switzerland mu 2024. Makhothi a kutali achita mbali yawo. Ife eni ake a Africa tachita chiyani? Komiti yofufuza choonadi ku Gambia inanena kale mu 2021 kuti Jammeh azengedwe mlandu, ndipo bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa la ECOWAS linavomereza khothi lapadera mu 2024. Koma khothi liweruza ndani ngati woimbidwa mlandu akusungidwa ndi Teodoro Obiang, mtsogoleri wa dziko la Equatorial Guinea?

A bungwe la African Union (AU), inu ndinu amene mumadandaula kuti khothi la ICC ku The Hague limangosaka anthu akuda. Chabwino, weruzani nokha! Koma ndi inu nomwe amene munakumana ku Malabo, ku Equatorial Guinea komweko, mu 2014 n'kugwirizana kuti mtsogoleri ali pampando asamazengedwe mlandu ku khothi la Africa. Kumeneko n'kutetezana, ndipo amasiye akuona. Mlandu suwola, inde, koma mboni zikukalamba, zina zikufa zisanamve chigamulo.

Pempho langa ndi lakuti AU ipatse Obiang tsiku loti apereke Jammeh. Akakana, msonkhano uliwonse wa bungweli usachitikirenso m'dziko lake, ndipo maiko apereke msanga ndalama zoti khothi lapadera lija liyambe ntchito.

Ine wowerenga wanu wokhumudwa