Khala pansi umumve mwana akuwerenga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iwe, apongozi anga ndi ana. Kuno tilipo, mawondowa ndi amene amandivuta m'mawa kukazizira. Mvula yayamba bwino ndipo chimanga chamera.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa, mayunitsi nawo sachedwa kutha. Nkhani ndi ya amuna anga aang'onowo, a Sitandade 3. Unati lipoti la teremu yoyamba silinakusangalatse, ndipo mwapangana ndi apongozi kuti mumusamutsire ku sukulu ya pulaiveti, komanso kuti pakhomo pasamamvekenso Chichewa. Za kusamutsazo ndi za thumba lanu, ndingonenapo pang'ono kutsogoloku. Koma funso langa sunaliyankhe, unangoti sukulu za boma n'zosathandiza. Ndikulibwereza: iwe mwini wake unayamba wakhala naye pansi, kumupatsa tsamba limene sanaliwonepo, n'kumumva akuwerenga?

Ndikufunsa dala, chifukwa ndinagwira choko m'makalasi aang'ono mpaka kupuma ntchito, ndipo ndikudziwa mmene mwana amabisalira. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chabwino, ana a anthu osauka analowa m'kalasi. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'Sitandade 1 ndi 2 si zachilendo kupeza ana opitirira 100 atakhala pansi, mawondo akugundana. M'kalasi yotere mphunzitsi amaloza pabolodi n'kunena kuti "Tonse!", ana n'kuyankha pamodzi ngati kwaya ya kutchalitchi. Amene akuwerengadi mwina ndi a kutsogolo okha. Enawo amangoyang'ana milomo ya anzawo n'kumalizitsa mawu. Mwana wochenjera ndiye amabisala bwino koposa, chifukwa amaloweza tsamba lonse ndi chithunzi chake chomwe. Ukamutsegulira pamene pali chithunzi cha galu, amalakatula chiganizo chonse osaphonya, maso ali kudenga. Amatha kufika Sitandade 4 chotero, aliyense akuti mwanayu ndi wanzeru. Ndi wanzerudi, koma sakuwerenga.

Mphunzitsi sangamumve mwana aliyense payekha tsiku lililonse, angafune chotani. Iwe ungathe, chifukwa uli nawo awiri okha.

Uchite chonchi madzulo ano. Tenga buku lake la Chichewa, uphimbe chithunzi ndi dzanja, ndipo uloze mawu omaliza a chiganizo, kenaka apakati, kubwerera m'mbuyo. Ukatero utenge chidutswa cha katoni ulembepo mawu amene mulibe m'bukumo, monga chitseko, mphika, nkhwangwa. Umuyang'ane pakamwa. Akamati "chi… tse… ko", kenaka nkhope n'kuwala kuti "chitseko!", ndiye kuti njira waigwira, chatsala n'kuzolowera. Akangowona lembo loyamba n'kuponya mawu alionse oyamba ndi lembo limenelo, kapena akayamba kuyang'ana iwe m'maso kuti umuthandize, dziwa kuti ntchito ilipo. Usakwiye, ndipo usamuwonetse kuti wakhumudwa. Wapeza pamene pakudwala, basi.

Mwayi wake ndi woti Chichewa sichinamiza mwana. Chili ndi a, e, i, o, u, ndipo lililonse mwa malembo amenewa limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lapezeka. Mwana akadziwa maliwu a malembo n'kuyamba kuwaphatikiza, ma, me, mi, mo, mu, amatha kuwerenga mawu amene sanawawonepo chibadwire. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa maphatikizo a malembo ambiri: mpha, ntcha, nkhwa, psa, ndiponso kusiyanitsa ng'ombe ndi ngoma. Amenewo ndi ofunika kuwabwereza modekha, awiri kapena atatu pa tsiku, osati onse nthawi imodzi. Kuyambira 2016 sukulu za boma zikutsata ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme m'Sitandade 1 mpaka 4, ndipo ana amayamba ndi liwu la lembo, mmene limamvekera m'mawu. Inu munaphunzira poimba mayina a malembo a Chingerezi. Ukamamukakamiza njira yako yakaleyo pamene kusukulu akumuphunzitsa ina, umusokoneza. Funsa aphunzitsi ake kuti afika pa maphatikizo ati, nawe uyende nawo pomwepo. Upemphenso kuti buku lake azibwera nalo kunyumba, ndipo ulikutire bwino, mvula ino mabuku amathera m'majumbo.

Tsopano za Chingerezi. Sindikutsutsa kuti n'chofunika, ndingakhale wabodza. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mayeso amenewo ndi amene amagamula ngati mwana apite ku sekondale ya national, yogonera ya m'boma, ya CDSS yoyendera, kapena atsale. Ndiye mantha ako ndikuwamvetsa. Koma luso lophatikiza malembo kuti atuluke mawu, mawu n'kutuluka nkhani, munthu amaliphunzira kamodzi, ndipo amaliphunzira msanga m'chinenero chimene amalota nacho. Akaligwira amalinyamula kupita nalo ku Chingerezi. Ndinalandirapo ana ochokera ku sukulu zina zolipira amene ankatchula ndime yonse ya Chingerezi mokoma, lilime lopepuka, koma ukawafunsa kuti m'nkhaniyi wathawa ndani, duu. Ankangotulutsa phokoso la mawu.

Komanso tanena zoona, Chingerezi cha pakhomo panupo chikhala chotani? Chithera pa kulamula: bwera kuno, khala pansi, kasambe, kagone. Nthano simudzamuwuza m'Chingerezi, ngakhale kumufotokozera chifukwa chake ngumbi zimatuluka mvula ikagwa. Mwanayo adzangochepetsa kuyankhula, kuopa kulakwitsa, pamene mwana wodziwa mawu ambiri ndi amene amamva zimene akuwerenga. Muziyankhula naye Chichewa chokhathamira, chamiyambi ndi ndagi zomwe, ndipo Chingerezi chikhale ndi nthawi yake: kabuku kamodzi, kuwerenga limodzi, kenaka akufotokozere m'Chichewa zimene wamva. Akatha kutero ndiye kuti Chingerezicho chalowadi.

Nthawi yake sikufunika yambiri. Mphindi 15 kapena 20, nsima isanapse, koma tsiku ndi tsiku. Loweruka lonse lathunthu kamodzi pamwezi silingafanane nazo. Ndipo ndikunena iwe, osati apongozi okha. Iwo adzuka m'mamawa kukazinga mandasi, atsekera ana, achapa, aphika, ndiye uwasenzetsenso homuweki iwe uli pampando ndi foni? Ndinakuwona pa Isitala paja, kuchokera pofika mpaka pogona chala chili pagalasi. Mwana wamwamuna amayang'ana zimene bambo ake amaziwerengera. Akawona kuti ukafika umayika foni pambali chifukwa cha buku lake, adziwa kuti bukulo ndi chinthu chachikulu kuposa mpira wa ku England. Magetsi akazima si chifukwa, tochi ya pafoni yomweyo ikuwunikirani. Iwe unaphunzira ndi koloboyi, mphuno zili bii ndi mwaye.

Akadodoma, usamulande mawu pakamwa. Apa ndi pamene makolo ambiri amalephera, amafulumira kumuwuza kuti zithe. Dikira, uwerenge chamumtima mpaka kasanu. Akakanikabe, phimba mbali ina ya mawuwo ndi chala kuti awone phatikizo limodzi lokha, kenaka linalo. Ndipo chonde, mawu akuti mbuli, chitsiru, kapena akuti "mlongo wako pamsinkhu uwu ankawerenga kale" asatuluke m'kamwa mwako. Chikwapu chimaphunzitsa mwana kubisa kope, sichiphunzitsa kuwerenga. Ana amene ankamenyedwa kunyumba chifukwa cha sukulu ndinkawadziwa ndisanawuzidwe: ukangoyandikira pamene akhala, mapewa m'mwamba, mawu n'kuthawa, ngakhale amene amawadziwa bwino.

Usadandaule kuti mabuku ndi odula. Blantyre yense ndi wolembedwa. Mukakwera minibasi, awerenge zikwangwani: Ndirande, Chilomoni, Limbe, Bangwe. Awerenge paketi ya shuga, thumba la feteleza, mayina a magolosale, buku la nyimbo Lamulungu. Apongozi akamapita kumsika, alembe ndi iye mndandanda wa zogula, tomato, anyezi, usipa, makala, akafika kumeneko awerenge yekha. Nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zimakhala ndi masamba a Chichewa, Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News. Usankhe nkhani yoyenera mwana, chifukwa zina za m'menemo n'za akuluakulu. Ndipo laibulale ya National Library Service ili ndi nthambi mumzinda mwanumo. Anthu amaiona ngati malo a olemba mayeso a Fomu 4 okha, chonsecho muli mabuku a ana. Upite naye Loweruka lina asankhe yekha, ngakhale atasankha la zithunzi zambiri limene iwe ukuliwona ngati lachibwana. Ine ndizimutumizira uthenga pa WhatsApp yako, wa mizere iwiri, awerenge yekha ndi kundiyankha yekha. Zolakwika zake usakonze, ndikufuna ndiziziwona.

Za nambala ya pa lipoti, usaiyike pamtima kwambiri. Kukhala nambala 5 m'kalasi imene ambiri sakuwerenga si nkhani yonyadira, ndipo kukhala nambala 40 si imfa. Ukafuna kudziwa za mwana, tsegula makope ake. Ona ngati amamaliza kulemba, ngati aphunzitsi amachonga, ngati b ndi d akumazitembenuza. Ukaona kuti amasinzinira poyang'ana patali, amalemba zosiyana ndi za pabolodi, kapena umachita kumuitana kawiri kawiri asanatembenuke, upite naye kuchipatala akamuwone maso ndi makutu. Ana ena amatchedwa ogona m'kalasi pamene sakuwona bolodi. Asamachokenso ndi njala m'mawa podalira phala la kusukulu. Phala limene bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka kuno ku Malawi mu 2002 lasunga ana ambiri m'kalasi, koma si sukulu zonse zimene zimalandira, ndipo ngakhale kumene liliko, kachidutswa ka mbatata asananyamuke sikalakwika.

Mukatsimikizadi za pulaiveti, musakopeke ndi yunifolomu yokongola ndi dzina lachizungu pachipata. Zilipo zabwino, zilipo zina zongotsegulidwa m'nyumba yogonamo, aphunzitsi ake osapitako ku koleji ya uphunzitsi, ndipo mwana aliyense amakhoza teremu iliyonse kuti fizi isathawe. Ufunse ngati inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, ufunse kumene aphunzitsi a makalasi aang'ono anaphunzira ntchito, upemphe kuwona kalasi ili mkati. Chimodzimodzi za patitaimu: ngati kumeneko akungokopera zolemba pabolodi ana makumi asanu, ndalama yako ikungopita. Ndipo ngakhale mutapeza sukulu yabwino chotani, mphindi zamadzulo zija zikhalabe zako. Fizi simalowa m'malo mwa kholo.

Aphunzitsi ake uwadziwe nkhope. Abambo ambiri amaponda pasukulu pokhapokha mwana akabwezedwa kapena akafuna kukalalata, ndipo pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi (PTA) pamadzaza zitenje zokhazokha. Mphunzitsi ndi munthu. Kholo likabwera mwaulemu n'kufunsa kuti "Kodi mwanayu ndimuthandize pati?", mwana ameneyo sasowanso pakati pa anzake 100, dzina lake limakhala m'mutu.

Ndisaiwale mkazi mnzanga wa Sitandade 6, poti nkhani yonse yakhala ya mchimwene wake. Iyeyo amawerenga bwino, n'chifukwa chake simukumudera nkhawa, koma ndi amene ndikumuwopera. Ndinaona kuti akaweruka ndiye wotsuka mbale, wotunga madzi, wokhala pa beseni la mandasi mpaka dzuwa kulowa, mnyamatayo ali kumpira. Kwatsala zaka ziwiri ndi theka zokha kuti alembe mayeso a Sitandade 8, ndipo ino ndi nthawi imene atsikana ambiri amayamba kutsika mwakachetechete. Ntchito azigwira, sindikuti muwalere ngati alendo, koma muwagawire onse awiri, mnyamata nayenso mbale sizimuluma. Masiku a sukulu asajombe chifukwa cha geni, ngakhale tsiku la msika. Wayandikiranso kutha msinkhu. Apongozi akambe naye zisanamudzidzimutse, ndipo iwe usamachite manyazi kupereka ndalama ya zofunika pa masiku amenewo, chifukwa atsikana ambiri amajomba mwezi ndi mwezi pa chifukwa chimenechi osauza munthu. Mwina amupatse mpata woti aziwerengera mchimwene wake nthano usiku, apindula onse awiri, koma asasanduke mphunzitsi wa pakhomo iwe n'kupezerapo pothawira.

Tchuthi cha Khirisimasi chino muwatumize kuno ngakhale sabata imodzi, abwere ndi mabuku awo a Chichewa ndi makope a teremu yathayi. Mukadziwa tsiku mundiwuze msanga kuti ndipeze wokawachingamira pa siteji, msewu wathu mvula ikagwa njinga za kabaza zimakana kufika kuno. Pobwerera adzatenga mtedza ndi ufa pang'ono. Sukulu ikatsegulira mu Januwale, sabata yoyamba yomweyo upite wekha ukaonane ndi aphunzitsi ake musanagamule zosamutsa.

Upereke moni kwa apongozi anga, uwawuze kuti chitenje chija ndinalandira, ndathokoza. Azakhali ako akupereka moni.

Ndine mayi wako.